Gudumu lonse pa sikirini, koma mesh ya mpata umodzi

Wophunzira uinjiniya ku UNZA, yunivesite ya Zambia, wandilembera imelo. Akuti wapanga mesh (ukonde wa tizigawo ting'onoting'ono towerengera mayendedwe a madzi pa kompyuta) ya turbine ya Francis, gudumu lozungulitsidwa ndi madzi popanga magetsi, mu pulogalamu ya TurboGrid, koma pa sikirini pakungooneka blade (tsamba la gudumulo) imodzi, pomwe iye akufuna kuonetsa aphunzitsi gudumu lathunthu. Akufunsa ngati apange mesh ya ma blade onse.

Ayi achimwene, musadzivutitse. TurboGrid anaikonza dala kuti izigwira mpata umodzi, chigawo cha gudumu chokhala ndi blade imodzi, poti mipata inayo ndi yofanana nawo, yangozungulira pa axis, mzere womwe gudumu limazungulirapo. Lowani mu Machine Data mulembe chiwerengero cha ma bladeset, magulu a ma blade obwerezabwereza pa gudumu. Akakhala 15, madigiri 360 agawidwa pa 15, mpata uliwonse n'kutenga 24. Kenako pa Display sankhani Display All Instances, gudumu lidzaza pomwepo.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetse bwino. Zimene mwaonazo ndi chithunzi chabe. Zili ngati magalasi a kometera tsitsi ku Kamwala: mitu mbwee, wometedwa ndi mmodzi. Tayang'anani chiwerengero cha ma node (mfundo za mesh), sichinasinthe. Solver, pulogalamu yochita masamuwo, iwerengabe mpata umodzi womwewo, choncho mu CFX-Pre, momwe mumakonzera ntchito ya solver, mbali ziwiri za mpatawo muzilumikize ndi Rotational Periodicity, kuti madzi otuluka mbali iyi azilowera mbali inayo.

Ineyo ndimakonda Display Two Instances kuposa gudumu lonse, chifukwa imaulula zolakwika. Yandikirani pamsoko pomwe mipata iwiri yakumana. Mizere ya mesh iyenera kugwirana bwinobwino kuchokera ku hub (khoma la mkati la mpata) kufika ku shroud (khoma la kunja). Ma blade akalowana, kapena pakatsala danga, kayikirani chiwerengero cha ma bladeset chija; pa impeller (gudumu la pampu kapena kompresa) yokhala ndi ma splitter, ma blade aafupi a pakati pa aakulu, blade yaikulu ndi splitter yake ndi bladeset imodzi, osati awiri. Makope akamazungulira mopingasa, vuto ndi axis: mwina munajambula pa X pomwe pulogalamu ikuzungulitsa pa Z.

Nthawi yofunikadi gudumu lonse ilipo. Ma turbine a Francis, monga asanu aja a ku Kafue Gorge Lower otulutsa 750 MW, amalandira madzi kudzera mu spiral casing, chigoba chonga cha nkhono chozungulira gudumu, ndipo chigoba chimenechi sichifanana mbali zonse. Mukachiika mu projekiti yanu, nthawi zambiri mpata umodzi sukwaniranso. Pamenepo mesh yeniyeniyo muikopere mu CFX-Pre, ma node achuluke ka 15. Muyambe mwaona RAM ya laputopu yanu musanayese zimenezi.