Kodi anamgumi akusaukitsa nyanja?

Funso: Ndinamva pa wailesi kuti namgumi mmodzi amadya matani angapo a chakudya pa tsiku. Nanga mayiko amatetezeranji zilombo zadyera chonchi, pamene zikulanda nsomba chakudya? Msodzi wopuma ntchito, Nkhotakota.

Yankho: Bambo, ambiri ankaganiza ngati inuyo, koma zimene zinachitika m'nyanja yozungulira Antarctica, dera lozizira la kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, zinawatsutsa. M'zaka za m'ma 1900 anthu anapha anamgumi pafupifupi 3 miliyoni, ambiri a iwo kum'mwera komweko, ndipo zinkayembekezeka kuti tinkhanu totchedwa krill, timene anamgumiwo amadya, tichulukana kwambiri. M'malo mwake, m'madera ena tinachepa. Kutentha kwa madzi kunathandizira, komabe akatswiri amaloza chifukwa chinanso, chomwe ndi ndowe ya namgumi.

Pafupifupi moyo wonse wa m'nyanja umayambira pa tizomera tosaoneka ndi maso timene timayandama pamwamba, pomwe dzuwa limafika. Madzi a kum'mwerako ndi osowa mchere wa ayironi, ndiye tizomerato sitikula bwino. Krill imasunga ayironi m'thupi mwake, ndipo namgumi akaidya amatulutsa ndowe yamadzimadzi pafupi ndi pamwamba, motero mcherewo umabwerera kwa tizomera m'malo momira pansi. Tizomera tikachuluka, krill imapeza chakudya, nsomba ndi mbalame nazonso zimakhuta. Mlimi amene anaonapo chimanga cha pakhola lakale amvetsa msanga nkhaniyi. Mitundu ina, monga sperm whale, imasaka pansi penipeni n'kudzachita chimbudzi pamwamba, ndiye imakweza chonde chimene chikanatsalira mumdima. Anamgumi a humpback amachinyamula ulendo wautali, kuchoka ku Antarctica kukaberekera m'madzi ofunda a gombe la Mozambique.

Mbalame za kunyanja zimagwira ntchito yofanana, kungoti zimatutira chondecho ku zilumba kudzera m'zitosi. Zitosi za pa zilumba za Chincha ku Peru zinali feteleza wolimbiranidwa ku Ulaya kuyambira m'ma 1840. Umboni umene ine umandigwira mtima ndi wa ku zilumba za Chagos, m'nyanja ya Indian. Kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti kuzungulira zilumba zopanda makoswe, kumene mbalame zimaswa mwamtendere, nsomba zinali zochuluka ndipo zina zinkakula msanga, chifukwa mvula imakokolera nayitrojeni wa m'zitosi kupita m'madzi. Kumene makoswe obwera ndi sitima anadya mazira ndi anapiye, mbalame zinachepa kwambiri, ndipo nsomba za m'mphepete mwa zilumbazo zinachepa.