Yankho: Kodi njere za batanati wogula pamsika zingamere pakhomo?

Amayi, mwafunsa ngati njere za batanati amene munagula ku Bvumbwe mungazidzale kuseri kwa nyumba. Zimera ndithu, bola dzungulo likhale lokhwima. Zitsukeni, muziyanike pamthunzi. Koma dziwani kuti ngati mbewuyo inali ya haibulidi, maungu ake sadzafanana onse ndi kholo lawo. Ine ndinatero chaka china, ena anatuluka ataliatali, ena ozungulira ngati chipanda. Kukoma kunalipo.

Kumbani mapando otalikirana mita imodzi, muthiremo manyowa owola bwino ndi kaphulusa pang'ono, poti dothi lathu lino la tiyi ndi lowawasa. Njere zitatu paphando, zisapitirire masentimita 3 kuya. Zikamera patulirani, zitsale ziwiri.

Nthawi ndiye nkhani yaikulu kuno ku Thyolo. Musadzale kukubwera chiperoni, mbewuyi imadana ndi kuzizira ndipo masamba amachita nkhungu yoyera ngati mwawaza ufa. Ngati madzi muli nawo pafupi, dzalani mu Ogasiti kapena Seputembala, muzithirira patsinde, osati pamasamba. Apo ayi dikirani mvula yoyamba, koma pachitunda, madzi asadikhe.

Maluwa oyamba akamayoyoka musadandaule, amenewo ndi aamuna. Aakazi amabwera ndi kadzungu kumunsi, njuchi n'kumaliza ntchito. Komanso nkhwani muchepetseko kuthyola, ndikudziwa ndi nsinjiro sanamizira, koma masambawo ndiwo amadyetsa dzungu.

Pakatha miyezi itatu ndi masabata angapo, yesani khungu ndi chikhadabo. Likakana kuboola, dulani pamodzi ndi kaphesi kake kuti asawole msanga.