Kodi ntchito ya pa kauntala ya Mpamba ilembedwe pa CV?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Chinamwali amene anamaliza digiri yake ku Chirunga zaka ziwiri zapitazo koma sanapezebe ntchito. Posafuna kukhala manja lende, wakhala akugwira ntchito pa kauntala yotumizira ndi kutapira ndalama za Airtel Money ndi Mpamba, ndipo akufunsa ngati ntchito imeneyi ailembe pa CV kapena aibise, poopa kuti olemba ntchito amuona ngati wolephera. Achemwali, ilembeni, ndipo muiike pamalo poonekera. Funso lanuli landikhudza kwambiri, choncho mundilole ndifotokoze motalikirapo chifukwa chimene ndikuyankhira motsimikiza chonchi.

Inenso nditamaliza maphunziro ndinakhala nthawi ndithu pa ulova. Masiku amenewo ndinkaphunzitsa masamu pa sukulu ina yomwe si yaboma cha ku Songani, kumene malipiro anali ochepa ndiponso obwera mochedwa, ndipo madzulo ndinkasunga kaundula wa gulu la amayi a banki mkhonde, chifukwa ambiri mwa iwo ankavutika kuwerengetsera chiwongoladzanja. Anzanga ankandiuza kuti amenewa ndi maganyu chabe, ndipo munthu wa digiri sayenera kuwaonetsa kwa mabwana. Amene anatsutsa maganizo amenewa ndi amalume anga, omwe anagwira ntchito ya ukalaliki m'boma kwa zaka zambiri. Anatenga buku la banki mkhonde lija, lachikuto chofiira chonyotsoka m'mbali, nayamba kulitsegula tsamba ndi tsamba, kuyang'ana mizere ya masheya, ya ngongole ndi ya chindapusa cha ochedwa kubweza. Atafika kumapeto anandifunsa ngati pa tsiku logawana ndalama panasowapo ngakhale tambala imodzi, ndipo nditayankha kuti sipanasowe kanthu, anandilamula kuti ndikalembe zimenezo momwemo. Pa intavyu imene inandipatsa ntchito yanga yoyamba yokhazikika, za digiri anandifunsa mwachidule, koma pa mizere iwiri ya banki mkhonde ija anakhalitsapo, kufuna kudziwa mmene ndinkachitira ndi mayi amene walephera kubweza ngongole pamene ali mnansi wanga.

Patapita zaka ndinayamba kukhala nawo pa gulu losankha anthu oti aitanidwe ku intavyu pa bungwe lina muno mu Zomba, ndipo zimene ndinaona kumeneko zimandipwetekabe mtima. Maenvelopu amadzaza tebulo, ndipo mukawatsegula mumapeza ma CV ofanana ngati yunifolomu ya ana a sukulu imodzi, chifukwa ambiri amalembedwa m'mashopu otayipa ndi kupanga fotokope, kumene amangotsegula CV ya munthu wina pa kompyuta ndi kusintha dzina. Aliyense amakhala wolimbikira ntchito, woopa Mulungu, wodziwa kugwira ntchito ndi anzake, ndipo aliyense amakonda kuwerenga ndi kuonera mpira. Ndinaonapo CV ya mnyamata imene inatsalira nambala ya foni ya munthu amene analembedwa poyamba, moti titafuna kumuitana tinalankhula ndi mlendo. Sindikudzudzula anyamata a m'mashopuwo, pakuti iwo amatayipa zimene apatsidwa. Ndikudzudzula chizolowezi chopereka mbiri ya moyo wako kwa munthu amene sakukudziwa kuti akulembere, pamene iwe mwini wake uli ndi digiri.

Tsamba loyamba, lomwe ndi limene wosankha amaliwerenga mwachidwi, ambiri amalithera pa chipembedzo, mtundu, mudzi, mfumu yaikulu ya kwawo, ndi zoti ali pa banja kapena ayi. Lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo, mtundu, chilankhulo, kulumala kapena banja, choncho palibe chifukwa choti muzipereka nokha mfundo zimene wina angakusalireni, pokhapokha chidziwitso cha ntchitoyo chitafunsa mwachindunji, monga zimachitikira nthawi zina akafuna kudziwa boma limene munthu amachokera.

Manyazi amene mukumvawa ndikudziwa kumene amachokera. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mpaka lero muno muli maofesi a MANEB, a National Statistical Office, a National Archives ndi a Government Print. Ambiri tinakula tikuona makolo akupita ku ofesi atavala taye, ndipo tinakhulupirira kuti ntchito yeniyeni ndi yokhayo ya pa desiki. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akupweteketsa achinyamata ambiri. Taganizani zimene mumachita pa kauntala paja tsiku lililonse. Mumasunga ndalama za eni ake, mumalemba aliyense wotumiza ndi wotapa m'kaundula, mumayang'ana chiphaso cha unzika, ndipo madzulo mumaonetsetsa kuti ndalama za m'foni ndi za m'kabati zikugwirizana ndi zimene munayamba nazo m'mawa. Mumazindikira mauthenga a anthu akuba, ndipo mumadziwa kukhazika mtima pansi munthu amene watumiza ndalama za fizi ku nambala yolakwika. Wogwira ntchito pa kauntala ya banki kapena wothandizira mu ofesi ya zachuma amayesedwa pa zinthu zomwezi. Mukazibisa, CV yanu idzaonetsa zaka ziwiri zopanda kanthu, ndipo wosankha amene sakukudziwani adzaganiza kuti munangokhala pakhomo.

Chimodzimodzinso amene anagwirapo ntchito zakanthawi, monga kuwerenga nawo anthu pa kalembera wa 2018, kulembetsa nawo ziphaso za unzika mu 2017, kuthandiza pa chisankho, kapena kuphunzitsa mongodzipereka pa sukulu ya pulayimale ya kwawo. Ndakumanapo ndi achinyamata amene anayenda midzi ya ku Jali ndi ku Mayaka ndi tabuleti m'manja akufunsa mafunso khomo ndi khomo, koma pa CV sanatchulepo, kenaka n'kumadandaula kuti mabungwe ochita kafukufuku akufuna anthu odziwa kale ntchito.

Mwina mundiuza, monga amandiuzira ambiri, kuti zonsezi n'zopanda phindu chifukwa ntchito masiku ano zimayendera kudziwana. Kukondera kulipo, ndipo sindingakane chinthu chimene ndachiona ndi maso. Komabe pa magulu amene ndakhalapo, mayina ambiri oitanidwa anali a anthu amene panalibe wowadziwa, ndipo anawalowetsa ndi mapepala awo. Choopsa cha maganizo a kudziwanawa n'chakuti amakankhira munthu kwa akathyali amene amalonjeza ntchito n'kumapempha ndalama pa foni, ndipo inu mumawadziwa bwino kuposa ine chifukwa ndalama zoterozo zimadutsa pa makauntala ngati anuwo. Bungwe lenileni silikulipiritsani kuti likuitaneni ku intavyu. Maganizo omwewa amakankhiranso ena ku bodza, kuwonjezera zaka za ntchito kapena kusintha mapointi a MSCE, kuiwala kuti satifiketi imatha kufufuzidwa ku MANEB, ndipo bodza likadziwika ngakhale mutayamba kale ntchito mumachotsedwa.

Kakonzedwe kake

CV ya munthu wongoyamba kumene isapitirire masamba awiri, ndipo ilembedwe m'Chingerezi chosavuta, ndi zilembo za mtundu umodzi zowerengeka bwino, popanda maluwa m'mbali kapena chithunzi ngati sanapemphe. Pamwamba ikani dzina monga lilili pa masatifiketi, nambala ya foni imene imapezeka nthawi zonse, ndi imelo yokhala ndi dzina lanu lenileni. Pansi pake lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena zimene munaphunzira ndi zimene mumatha, zogwirizana ndi ntchito imene mukufunsirayo, kutanthauza kuti ndime imeneyi muziisintha pa ntchito iliyonse. Kenaka ntchito zimene mwagwirapo, kuyambira yaposachedwa, ndi mwezi ndi chaka choyambira ndi chomalizira. Maphunziro abwere pambuyo pake, digiri poyamba ndi MSCE pansi, ndipo popeza Chancellor College inasanduka University of Malawi mu 2021, dzina la sukulu mulembe monga lilili pa satifiketi yanu. Pa luso tchulani zenizeni, monga Excel, laisensi yoyendetsera galimoto kapena njinga yamoto, ndi zilankhulo. Kudziwa Chiyao kapena Chilomwe ndi luso lofunika kwa mabungwe ogwira ntchito m'midzi ya kuno kummwera, koma ambiri salilemba. Potumiza pa imelo sandutsani CV kukhala PDF yotchedwa dzina lanu, ndipo masatifiketi enieni musatumize, tumizani makope odindidwa pamene apempha.

Nkhani ya anthu okuchitirani umboni ndi imene ndikufuna muiganizire mofatsa, chifukwa pamenepanso manyazi aja amabwerera. Achinyamata amakonda kulemba phungu, abusa kapena mkulu wina wotchuka amene anangopatsana naye moni pa ukwati, poganiza kuti dzina lalikulu liwanyamula. Ife tikamuimbira munthu woteroyo amayamba wafunsa kuti tikunena ndani, ndipo nkhani imathera pomwepo. Lembani anthu atatu amene anakuonani mukugwira ntchito, monga mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wanu wa chaka chomaliza, amene anakuyang'anirani pa nthawi yophunzira ntchito, ndi mwini wa kauntalayo, ndipo aliyense mumupemphe chilolezo musanalembe nambala yake. Kwa mwini kauntala pemphaninso kalata yaifupi yonena tsiku limene munayamba ntchito ndi mmene mwasungira ndalama zake. Musanalembe mizere ya ntchito imeneyi, tsegulani kaundula wanu wa miyezi itatu yapitayi, muwerengetsere kuti mumathandiza anthu angati pa tsiku ndiponso mumasunga ndalama zochuluka bwanji, ndipo manambala amenewo, osawonjezera kapena kuchepetsa, ndi amene mulembe pansi pa dzina la ntchitoyo.