Funsani Abusa: Mwana wanga akuti Mulungu ayambe wachiritsa atate ake

FUNSO

Abusa, ndine mayi wa ana anayi wa ku Chawama, ndimagulitsa tomato ndi anyezi ku Soweto Market. Chaka chatha amuna anga anagwa ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, kulankhulanso kumawavuta. Alamu anga akuti mpingo wathu ndi wozizira, ndiwatengere kwa mneneri wina wa madzi odzozedwa, bola ndifese mbewu ya K1,500. Mwana wanga woyamba naye wasiya kupemphera. Akuti ngati Mulungu alikodi adzutse atate ake iye akuona, akatero adzabwerera ku tchalitchi. Kodi kusachira kwa amuna anga ndi umboni wakuti Mulungu watitaya?

Mayi wotopa, Chawama

YANKHO

Pepani amayi. Kusambitsa munthu wamkulu, kumutembenuza pakati pa usiku, kenako kulawirira kukapikula tomato kusanache, si ntchito yamasewera. Mulungu sanakutayeni.

Alamu anu ndi mwana wanu akuoneka ngati akukokerana, koma mawu awo ndi amodzi. Onse akuti Mulungu adziwike ndi chozizwitsa, chikapanda kuoneka ndiye kuti palibepo. Wina angoti ali kwa mneneri, wina akuti kulibiretu. Mayeso amenewa si achilendo. Pa Mateyu 4 Satana anaika Yesu pamwamba pa Kachisi namuuza kuti adziponye pansi, angelo amuwakhe, ndipo anachita kutchula Salimo 91. Yesu anakana. Pa Marko 8:11-13 Afarisi atapempha chizindikiro chochokera kumwamba, anangousa moyo, nakwera ngalawa n'kuwasiya.

Komatu Yesu yemweyo anachiritsa wakhate amene anagwada n'kunena kuti ngati afuna angathe kumukonza. Wakhateyo ankapempha, Afarisi ankayesa. Inu pitirizani kupempha, tsiku ndi tsiku, mopanda manyazi. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo ndimasanjika manja pa odwala.

Za mwana wanu ndikufuna ndichedwepo. Iye akuganiza kuti akaona adzakhulupirira, koma kuona sikubala chikhulupiriro nthawi zonse. Lazaro anatuluka m'manda atagonamo masiku anayi, anthu a ku Betaniya akuonerera. Werengani Yohane 12:10 muone zimene akulu a ansembe anapangana: aphe Lazaronso! Sanatsutse zoti wauka, chinawawawa n'chakuti anthu ankatsata Yesu chifukwa cha iye. Ndiye tinene kuti mawa mmawa bambo adzuka n'kuyenda okha mpaka pa mpopi. Mnyamatayo adzalira ndi chimwemwe, inde, koma pakatha mwezi adzayamba kunena kuti ndi mafizo a kuchipatala, aja owongola ndi kulimbitsa ziwalo zofooka, ndipo sadzakhala atanama kwenikweni, poti anthu ambiri a sitiroko amapezako bwino ndi mafizo. Kenaka adzafuna chizindikiro china.

Alamu anu akumbutseni za Paulo. Pa Machitidwe 19:12 nsalu zimene zinakhudza thupi lake zinkachiritsa odwala, ndipo vesi limeneli ogulitsa madzi amalikonda kwabasi. Sawerenga 2 Timoteo 4:20, pamene Paulo yemweyo akuti Trofimo anamusiya ku Mileto akudwala. Iye mwini anapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake uchoke, sunachoke. Kodi tinene kuti mpingo wa Paulo unali wozizira? Za mtengo musavutike nazo. Simoni wamatsenga atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu, Petro anamuuza kuti atayike nazo limodzi ndalama zakezo.

Njala ya zozizwitsa mu Lusaka muno sinayambe lero. Ife achikulire tikukumbuka khamu limene linkatsata Archbishop Emmanuel Milingo m'ma 1970 kufuna machiritso, asanaitanidwe ku Rome mu 1982. Pulezidenti Chiluba atalengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, mipingo inachuluka mpaka m'makalasi a sukulu ndi m'matenti. Ambiri mmenemo ndi atumiki oona. Koma pali ena amene wodwala akapanda kuchira amati chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena mbewu inachepa, ndipo munthu amabwerako ali ndi matenda ake omwe aja, ngongole ya kaloba, ndi mlandu mumtima. Zimenezi zimandipsetsa mtima, sindibisa.

Aliyense amene angakuuzeni kuti bambo asiye mankhwala a BP pofuna kuonetsa chikhulupiriro, mutulutseni m'nyumba. BP ikakwera sitiroko imabwereza. K1,500 ija, ngati ilipo, ikhale ya galimoto yopitira ku mafizo ndi chakudya chawo. Alamu ngati akufunadi kuthandiza mbale wawo, aziperekako pamenepo. Uzaninso akulu a mpingo wanu azibwera kudzapemphera monga akunenera Yakobo 5:14, ndipo amayi a chigwirizano azikulandirani masiku ena kuti mugoneko.

Mnyamatayo musakangane naye, musamunenenso kuti wagwidwa ziwanda. Akulira atate ake, kungoti kulira kwa anyamata kumatuluka ngati makani. Za tchalitchi zisiyeni kaye. Mupempheni kuti aziwanyamula pokasamba, aziwongola dzanja lija madzulo monga anakuphunzitsirani a mafizo, ndipo tsiku la kuchipatala azipita nawo iyeyo kuti inu musamatseke pamsika.