Musachite manyazi ndi kagalimoto kakang'ono, achimwene

Mnyamata wina wa ku Kempton Park wandilembera pa imelo. Akufuna kugula Suzuki Swift Sport, koma anzake akumuseka kuti ndi kabokosi ka machesi. Akufunsa ngati kamathamangadi, komanso ngati kangakafike kumudzi mu Disembala.

Achimwene, mwandikhudza pachilonda. Galimoto yanga yoyamba ndinaigula ku Durban, yaing'ono, injini ya 1.2 yopanda turbo. Kumeneko kunyanja inkauluka. Nditabwera nayo kuno ku Johannesburg, Lamlungu lina ndinanyamula alamu anga ndi ana awiri. Pachitunda cha msewu wa M1 ndinaponda mafuta mpaka phazi kugunda pansi, koma minibasi yodzaza anthu inatidutsa ngati taima. Alamu anangoti, "Anakugulitsani yakufa iyi." Mawuwo anandilasa mumtima. Ndinazungulira amakaniko atatu, uyu kusintha mapulagi, uyu kusintha sefa, ndalama ya lendi kuthera pomwepo. Wachinayi, bambo wachikulire wa ku Mozambique, ndi amene anandiuza zoona: injini ili bwinobwino, nkhani ndi Johannesburg.

Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse. Turbo imakankhira mpweya mu injini mokakamiza, ndiye yotayika imakhala yochepa kwambiri. Ine ndinena mosapsatira: wogula kagalimoto kothamanga kopanda turbo muno mu Gauteng akulipira mphamvu imene sadzaiona.

Ndipo anzanuwo asakusokonezeni. Ife Amalawi tili ndi matenda oyeza munthu ndi kukula kwa galimoto. Ndaona anyamata athu akugula zigalimoto zazikulu zakale kuti akatchuke kumudzi, pakatha miyezi itatu chagona pabwalo ku Turffontein, giya yafa, mayi kumudzi akudikira ndalama ya feteleza. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Swift Sport imene inafika kuno mu 2019 ili ndi injini ya 1.4 ya turbo yotchedwa Boosterjet, mphamvu yake ndi 103 kW ndipo mphamvu yokoka ndi 230 Nm. Ya magiya a pamanja, omwe ndi 6, imalemera makilogalamu 970 okha, ndipo chinsinsi chake chagona pamenepo. Imafika liwiro la 100 m'masekondi pafupifupi 8. Swift Sport yakale ya 1.6 inali ndi 100 kW ndi 160 Nm, yopanda turbo. Papepala zasiyana 3 kW basi, koma kaziyeseni pachitunda kuno mudzamve nokha. Polo GTI yopangidwa ku Kariega ili ndi 147 kW, imaposa, inde, koma ndi yolemera komanso yodula, ndipo funsani kaye mtengo wa inshuwalansi. Pa msewu wa N1 malire a liwiro ndi 120 kwa magalimoto onsewa.

Za ulendo wakumudzi

Kakafika. Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza ndi phula. Koma ndi kapansi, matayala ake ndi opyapyala, ndipo nthawi ya mvula maenje amabisala m'madzi. Musayende usiku, onetsetsani kuti muli ndi tayala lapadera, ndipo firiji ndi zikwama zazikulu mutumize pa thiraki, chifukwa kumbuyo kwake n'kochepa.