Yankho kwa mphwanga pa za Foldy ndi Wouthuysen

Eee mphwanga, ndamva funso lako. Ukuti ngati equation ya Dirac, ija yofotokoza electron mogwirizana ndi relativity, ndi yolondola kale, aphunzitsi anu akuvutikiranji kuitembenuza ndi njira ya Foldy ndi Wouthuysen? Ena m'gulu muno mutipirire pang'ono, izi ndi za kusukulu.

Tamvera. Dirac atalemba equation yake mu 1928, wave function ya electron inatuluka ndi zigawo 4. Electron ikakhala phee, ziwiri zam'mwamba ndi za mphamvu ya positive, ziwiri zam'munsi za negative, zija zinadzalozera ku positron yomwe Anderson anaipeza mu 1932. Koma ikangoyamba kuyenda, ma matrix a alpha a mu equation-yo amasakaniza zam'mwamba ndi zam'munsi. Ndiye ukafuna liwiro, operator yake ndi c kuchulukitsa alpha, ndipo ma eigenvalue ake ndi c kapena minus c basi. Liwiro la kuwala, pa electron yoyenda pang'onopang'ono! Kunjenjemera kuja Schrödinger anakutcha Zitterbewegung mu 1930 kumachokera pa kusakanikirana komweku.

Zimene Foldy ndi Wouthuysen anachita mu 1950 ndi kupeta basi, monga amachitira amayi ako ndi lichero, gaga uko mphale uko: zigawo zam'mwamba pazokha, zam'munsi pazokha. Transformation yawo ndi unitary, choncho ma energy level sasuntha ngakhale pang'ono. Palibe physics yatsopano apa, wamva? Chimene wapindula n'choti tsopano ukutha kuwerenga zomwe zinabisala. Pa electron yopanda field umatembenuza kamodzi kokha, Hamiltonian (operator ya mphamvu) nkukhala matrix ya beta kuchulukitsa E, mphamvu ija ya Einstein, liwiro nkukhala p c squared kugawa ndi E, monga munthu angayembekezere.

Pakakhala field mpamene pali thukuta. Umabwereza kangapo, ulendo uliwonse zosakanizazo nkumachepa ndi 1 over m, m kukhala mass ya electron. Koma taona zotuluka: term ya Pauli ndi g wake 2, spin-orbit ili kale ndi theka lija la Thomas, osachita kuliikamo ndi manja. Kenako term ya Darwin, ine ndiyo imandisangalatsa. Darwin ameneyu ndi mdzukulu wa uja wa evolution, usawasokoneze. Ukatembenuza, position yatsopano ya electron siyofanana ndi yakale, ndiye electron imamva potential ya kadera konse kozungulira, kukula kwake pafupifupi 4 kuchulukitsa 10 to the minus 13 mita. N'chifukwa chake mu hydrogen imakhudza ma s state okha, poti ndiwo amafika pa nucleus penipeni.

Uchenjere pawiri. Field ikamasintha ndi nthawi, pamabwera term ina ya time derivative ya U, transformation ija ya unitary, ambiri amaiiwala pa mayeso. Komanso pa ma atomu olemera ngati golide, atomic number 79, electron zamkati zimathamanga kwambiri moti kubwereza kwa 1 over m sikudalirikanso, anthu a chemistry amagwiritsa njira ngati ya Douglas, Kroll ndi Hess.

Yamba ndi free particle, uwerengetse wekha papepala, ujambule unditumizire kumbali, tisawatopetse agogo ako muno.