Kodi "history" ndi mbiri basi?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kupulayimale ku Dedza. Tili kusukulu tinaloweza kuti "history" ndi mbiri yakale. Koma mwezi watha nditapita ndi mayi anga kuchipatala, ndinamva adokotala akuuza wophunzira wawo kuti ayambe watenga "history" ya mayiwo. Kunyumba nako mwana wanga akuti ndizifufuta "history" mu foni. Kodi liwu limeneli lili ndi matanthauzo angati?

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Funso lanuli ndalikonda, chifukwa mawu awiriwa, "history" ndi mbiri, timafulumira kuwayesa mapasa. Amagwirizana ndithu, koma pali malo amene lililonse limayenda lokha.

Angerezi sanalipange okha liwuli. Linachokera ku Chigiriki, "historia", ndipo kwa Agiriki linkatanthauza kufufuza, kufunsafunsa mpaka udziwe. Herodotus, mlembi wa Chigiriki amene anakhalako m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, anayenda mpaka ku Egypt akufunsa anthu, ndipo zomwe analemba za nkhondo ya Agiriki ndi Aperezi anazitcha kufufuza kwake. Kuchoka apo liwulo linadzera ku Chilatini ndi ku Chifalansa, n'kudzafika mu Chingerezi.

Ndiye adokotala aja sanaphonye. Iwo ndi amene ali pafupi kwambiri ndi tanthauzo loyambalo. Mukumbukire zomwe zinachitika m'chipindamo. Wophunzira uja anakoka mpando, anatsegula kabuku ka kuchipatala ka mayi anu n'kuyamba kufunsa: "Mayi, zayamba liti? Munayamba mwadwalapo chifuwa chachikulu? Kumtundu kwanu alipo wa shuga kapena wa BP? Pali mankhwala amene mukamwa amakuwengani?" Kufunsa kumeneko ndiye kutenga "history". Pa Chichewa ndinganene kuti akufunsa za matenda amene mayi anadwalapo, kapena mbiri ya matenda awo. Koma onani, mukangosiya mawu oti "ya matenda" n'kunena kuti adokotala akufuna mbiri ya mayi anu, agogo amene ali pabenchi panja adzidzimuka. Kwa ife mbiri ya munthu imawerengedwa pamaliro, apo ayi imanong'onedwa kuchitsime.

Za mu foni n'zosavuta. Ndi mndandanda wa masamba amene mwatsegula pa intaneti, kapena manambala amene mwaimbira ndi amene akuimbirani. Apa "kale" lake likhoza kukhala la mphindi zisanu zapitazo, ndipo mbiri silowapo n'komwe. Ingonenani kuti zomwe ndatsegula, kapena amene ndawaimbira. A kubanki nawo ali ndi "credit history", kutanthauza kabwezedwe kanu ka ngongole m'mbuyomu.

Tsopano tibwere kwathu, pakuti mbiri ili ndi minda yake imene "history" siifikako. Tikati mbiri ya sing'anga uja yamveka mpaka ku Joni, tikunena kutchuka, Mngerezi anganene "fame". Mayi akamadandaula kwa amfumu kuti "wandiipitsira mbiri", akulira dzina lawo labwino, limene pa Chingerezi ndi "reputation". Tikati kwamveka mbiri yoti mlatho wakokoloka, imeneyo ndi nkhani yongofika kumene, mwinanso mphekesera, ndipo mulibe zakale m'menemo. Nanga pamaliro paja, wachibale akaimirira ndi pepala m'manja nkhata zisanaikidwe, n'kuyamba kuti malemuwa anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa kumpingo wakuti, asiya ana asanu ndi zidzukulu khumi? Timati akuwerenga mbiri ya malemu, koma Mngerezi pamenepo anganene "biography" kapena "life story".

Mmene ndimaonera ine, mbiri imatsamira pa khutu ndi pakamwa, ndi zimene zimamveka za munthu kapena za dziko. "History" imatsamira pa kufunsa ndi kusunga zolembedwa. N'chifukwa chake tikafuna kunena phunziro la kusukulu lija timawonjezera kuti mbiri yakale, ndipo ana a sekondale amangoti hisitole. Pamene mawu awiriwa amakumana bwino ndi pa ntchito ngati ya Samuel Ntara, amene analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Iye anafunsa akuluakulu, anamva ndi makutu ake, kenaka n'kulemba.

Funso: Ndili Fomu 3. Mnzanga akuti "history" ndi mawu awiri, "his" ndi "story", ndiye kuti ndi nkhani ya amuna okhaokha. N'zoona?

Yankho: Ayi mwanawe, n'kufanana kwa kamvekedwe chabe. Agiriki ankanena "historia" Chingerezi chisanabadwe, ndipo "his" wa Chingerezi mulibemo. Omenyera ufulu wa amayi cha m'ma 1970 anapanga dala liwu loti "herstory" pofuna kudandaula kuti mabuku a mbiri amaiwala amayi. Dandaulo lawolo ndi lomveka ndipo ine ndimagwirizana nalo, koma silisintha komwe liwulo linachokera.

Mnzakoyo wakhudzako choona chimodzi: "story" ndi "history" ndi pachibale, muzu wawo ndi umodzi. Afalansa mpaka lero ali ndi liwu limodzi, "histoire", la zonse ziwiri. Ife tinasiyanitsa kale. Zoyamba ndi "Padangokhala" ife n'kumavomera "Tili tonse", za Kalulu ndi Fisi, ndi nthano. Zoti John Chilembwe anaukira atsamunda mu January 1915 ndi mbiri. Nkhani ndiye imanyamula zonse.

Funso: Ndimamasulira nkhani pa wailesi ina ya m'dera. Kawirikawiri ndimakumana ndi "made history", ndipo anzanga amangoti "wapanga mbiri". Kodi ndi Chichewa chabwino? Komanso "historic" ndi "historical" zimandisokoneza.

Yankho: Achimwene, "wapanga mbiri" yafala, pa masewero makamaka, ndipo sindinganame kuti anthu saimva. Koma ine siinditsika bwino. Kumudzi mukanena kuti mwana wa uje wapanga mbiri, ambiri ayamba kufunsa kuti walakwanso chiyani, chifukwa mbiri ikhoza kukhala yabwino kapena yoipa. Pamene Mngerezi akati "made history" amatanthauza kuti munthu wachita chinthu chimene sichinachitikepo. Ndiye chitchuleni chinthucho. Joyce Banda atalumbira mu April 2012, chiganizo chomveka kwa aliyense chinali choti akhala mayi woyamba kulamulira dziko lino. Timu ikatenga chikho koyamba, nenani kuti aka n'koyamba chiyambire timuyi. Womvera amapindula kawiri, wamva Chichewa chake ndipo wadziwa chimene chachitika.

"Historic" ndi chinthu chachikulu chosaiwalika. Pa 14 June 1993, pamene Amalawi anavota pa riferendamu kusankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndi tsiku lotero. "Historical" ndi chilichonse chokhudza zakale, chachikulu kapena chaching'ono. Chiphaso cha msonkho chimene agogo anu anasunga m'sutikesi kuyambira nthawi ya atsamunda ndi "historical document", chikalata chakale, ngakhale palibe amene amachikumbukira kupatula apabanja panu.

Palinso zina zimene mudzakumane nazo pa ntchito yanuyo, ndipo m'zonsezi mbiri musaiyandikize. Akati "he is history" akunena kuti zake zada, kwake kwatha. "Those two have history" ndiye kuti awiriwo ali ndi kale lawo, mwina chibwenzi chinathapo, mwina anayambanapo. "That is ancient history" ndi munthu amene akuti zimenezo zinatha kalekale, tisazikumbenso. Ndipo wokamba nkhani akamaliza ndi "the rest is history", inu pa maikolofoni mungoti, "zotsalazo mukuzidziwa kale."